Ife makaladi tili ndi kwathu, funsani abambo athu

Akonzi,

Zikomo pondipatsa danga m'nyuzipepala yanu. Ndine mayi wa zaka zopitirira 50, ndimakhala ku Bangwe mumzinda wa Blantyre, ndipo ndine mmodzi mwa anthu aja mumatitchula kuti makaladi. Bambo anga adali mmwenye, mayi anga ndi Mmang'anja wa ku Thyolo. Chandilembetsa ndi nkhani imene siikutha pa mawailesi ndi m'maminibasi, yoti Mmalawi weniweni ndi uti. Ikabuka nkhaniyi anthu amayankhula ngati dziko lino muli akuda, amwenye, azungu ndi Matchaina basi, aliyense mbali yake. Ife obadwa pakati sititchulidwa n'komwe. Koma mkanganowo ukafika pa kauntala ya ofesi, woyamba kupanikizidwa ndi mafunso amakhala ife.

Ndidabadwira kuseri kwa sitolo, pa kamsika kena m'mbali mwa njanji. Bambo anga ankagulitsa nsalu, mchere, sopo, palafini ndi makasu, ndipo pakhonde pankakhala telala ndi makina ake. Mayi anga adalowa pamenepo ngati wantchito wophika ndi kuchapa. Anthu a kumudzi ankati ndi banja, poti mwamunayo ankatumiza shuga kwa agogo, ndipo maliro akagwa ankapereka bafuta. Kwa abale ake a ku Limbe silidali banja ayi. Ankhoswe padalibe, chikalata padalibe.

M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr. Kamuzu Banda lidalamula kuti amwenye achoke m'madera a kumidzi, azikachita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha, ati kuti Amalawi atenge malondawo. Akuluakulu akamakumbuka nthawi imeneyo amakamba za masitolo amene adatsekedwa, ena mwa iwo ali mabwinja mpaka lero. Za amayi ndi ana amene adasiyidwa pakhonde sindidamvepo wina akuzikamba. Lole idabwera, katundu adakwera, bambo adakwera. Mayi adandibereka kumbuyo kubwerera kwa agogo.

Kumudzi dzina langa la ubatizo silidagwire ntchito kwenikweni. Ndidali "kamwenye". Tsitsi langa lidasowetsa mtendere agogo, silinkalukika ngati la anzanga, mwakuti ankangondimeta mpala. Kusukulu ana ankandipempha masiwiti poganiza kuti kwathu kuli sitolo, chonsecho ndinkapita wosavala nsapato ngati iwo omwe, nditadya mbatata yomweyo. Mphunzitsi wina akafuna kuseketsa kalasi ankandiuza kuti ndiwerengere ana ndalama, "poti inu ndi eni ake masamu a m'sitolo". Zimenezo ndidazizolowera.

Koma pali chinthu chimodzi chimene mudzi uja udandichitira, ndipo ndikufuna owerenga achimve bwino. Mayi atafuna kundigawira kadimba, wachibale wina adadzutsa mlandu kuti kamwenye alibe dothi kuno, akapemphe kwa bambo ake ku India. Nkhani idafika kwa anyakwawa. Amalume anga, eni mbumba, sadayankhule zambiri. Adati: "Kwathu kuno mwana ndi wa mayi. Mwamuna ndi mlendo, kaya achokere ku Nsanje, kaya achokere ku Bombay." Mlandu udathera pomwepo, ndipo dimbalo ndimalima mpaka lero. Mwambo wa Amang'anja, Achewa, Alomwe ndi Ayao udayankha kalekale funso limene ophunzira a m'tauni akulimbana nalo pa wailesi.

Nditasankhidwa kupita ku sekondale mayi adandituma ku Limbe kukapempha fizi. Bambo adandilandirira kuseri, kumene amatsitsira katundu. Pa kauntala padali mkazi wawo wa mtundu wawo, ndipo panja pankasewera ana a mphuno ngati yangayi. Adandipatsa ndalama mu envulopu nandiuza kuti ndisamabwere Loweruka, tsiku limene m'sitolo mumadzaza anthu. Sindinganame, fizi adalipira mpaka ndidamaliza Fomu 4. Koma sadanditchulepo kuti mwana wanga pamaso pa munthu. Amati chibale ndi fupa, sichiola. Chathucho chinkadutsira pakhomo la katundu.

Ndiye ndidaganiza kuti mwina kwathu ndi kwa makaladi anzanga a m'tauni. Kumenekonso ndidakagwa nayo. Ambiri adali ndi maina a Chisikotishi kapena a Chipwitikizi, kunyumba ankayankhula Chingerezi chokhachokha, ndipo Chichewa changa cha ku Thyolo chinkawaseketsa. Kwa iwo ndidali wa kumudzi. M'nyumba ina ndidaona gogo wakuda atakhala kukhitchini pamene alendo ankadya pa tebulo, ndipo nditafunsa adandiuza kuti ndi wantchito wakalekale. Patapita nthawi ndidadziwa kuti gogoyo ndiye adabereka mwini nyumba. Si onse adali otero, ena adandisunga bwino ndithu, koma zimenezo ndidaziona ndi maso angawa.

Nditakula ndidawerenga kuti nthenda imeneyi ndi yakale, ndipo adaibzala ndi atsamunda. Mu 1929 khoti lalikulu ku Blantyre lidaweruza mlandu wa Ernest Carr ndi Suleman Abdul Karim. Karim adali ngati ine, bambo mmwenye, mayi wakuda. Adatenga galimoto pa ngongole nalephera kumaliza kulipira. Nthawi imeneyo kudali lamulo loteteza mbadwa ku ngongole za mtundu umenewu, choncho khoti lidayenera kuyamba lagamula ngati Karim adali mbadwa kapena ayi. Woweruza, Haythorne Reed, adati si mbadwa. Adatsata magazi a bambo, za mayi sadaziwerengere. M'nyengo yomweyo kudabadwa bungwe la Anglo-African Association, limene mmodzi mwa atsogoleri ake adali Henry Ascroft. Linkapempha boma la atsamunda kuti ana a azungu obadwa kwa amayi akuda aziwerengedwa paokha, akhale ndi sukulu zawo ndi malipiro oposa a mbadwa. Ndimawamvetsa anthu amenewo, adali kufuna pothawira m'dziko limene chilichonse chinkayendera khungu. Koma njira adasankhayo idali yopempha mpando wapamwamba kuposa amayi awo owabereka, ndipo ine sindingaiyamikire.

Ine kwathu ndidakupeza mu 1992, ndipo sindidachite kukufunafuna. Ndinkagwira ntchito yotayipa pa kaofesi kena mu Blantyre. Ndinene poyera kuti khungu lidandithandiza kupeza ntchitoyo, chifukwa atsikana akuda amene adakhoza kuposa ine adabwezedwa. Lamulungu la pa 8 March chaka chimenecho ndidali m'tchalitchi pamene ankawerenga kalata ya maepiskopi a Katolika, ija idadzudzula kumanga anthu popanda mlandu, kusiyana kwa olemera ndi osauka, ndi mantha amene adatseka anthu pakamwa. Anthu ena adaomba m'manja, ena adangozyolika. Patangopita masiku ochepa boma lidati kupezeka ndi kalatayo ndi mlandu. Nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka, kumene kalatayo idasindikizidwa, idatenthedwa. Monsinyolo John Roche wa ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko. Pa 6 April a Chakufwa Chihana adamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Mu May ogwira ntchito ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead mu Blantyre adayamba sitalaka imene idafalikira mumzinda wonse, ndipo anthu ambiri adaomberedwa.

Pa ofesi pathu padali mesenjala wachikulire, bambo wofatsa amene palibe akadamuganizira kanthu. Tsiku lina anthu ataweruka adandiyandikira ndi pepala lofufutika, lopindidwa kambirimbiri, nati: "Achemwali, kodi makina anuwa usiku amagona?" Kuyambira pamenepo ndinkatsalira madzulo kutayipa timakalata tija tinkayenda mobisa, tina tochokera kunja pa fakisi. Tikachulukitsa ndinkatikulunga m'chitenje pansi pa masamba ndi tomato, ulendo wa ku Ndirande kapena ku Bangwe. Pa zipata za apolisi ndi apayoniya ankagwedeza zikwama za anzanga, ine n'kungondiuza kuti dutsani. M'mitu mwawo mkaladi za ndale sizimukhudza, iye ndi wa madansi ndi Chingerezi. Anzanga atazindikira zimenezi katundu wovuta yense ankasenzetsa ine, tikafika n'kumaseka.

M'kagulu kameneko mudali mphunzitsi wa ku Rumphi, amayi awiri ogulitsa pamsika, mnyamata wa ku koleji ndi mesenjala uja. Palibe adandifunsapo za bambo anga. Ankafuna kudziwa ngati ndingasunge pakamwa, ndiponso ngati ndifike pa nthawi imene tapangana, chifukwa ukachedwa anzako ankayamba kuganiza kuti wagwidwa ndipo uwatchula. Mantha athu adali amodzi. Ndende za Chichiri ndi Mikuyu zikadatilandira tonse mofanana. Mmodzi mwa amayi a pamsika aja mwana wake atamwalira, ndidagona kusiwa ndi amayi anzanga, ndidatunga madzi, ndidaphika nawo nsima ya adzukulu, ndipo palibe adandipatsa mpando ngati mlendo. Adandikalipira ndithu nditapsereza ndiwo. Kukalipiridwa kumeneko kudandikoma kuposa ulemu wonse umene ndidalandirapo chifukwa cha khungu.

Pa riferendamu ya pa 14 June 1993 ndidaima pa mzere kuvotera nyali, chizindikiro cha ofuna zipani zambiri, ndipo anthu pafupifupi 63 pa 100 aliwonse adasankha zipani zambiri. Malamulo aakulu a dziko amene adabwera pambuyo pake, mu gawo 20, amaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu kapena khungu. Gawo 23 limati ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo posatengera mmene adabadwira, ndipo mwana aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi dzina, wokhala nzika, ndi wodziwa makolo ake. Nditawerenga gawo limenelo koyamba ndidakhala chete nthawi yaitali.

Zipani zitabwera anzanga ena adalowa ndale, ena adalemera, ena adatikhumudwitsa. Ine ndidatsalira pa gawo 23 lija. Ndi amayi anzanga a kutchalitchi ndi a kumzikiti timaperekeza amayi amene abambo a ana awo adawathawa. Si bungwe la maofesi ndi magalimoto ayi, timasonkherana ya minibasi. Mayi amabwera ndi mwana kumbuyo, buku la kusikelo m'manja, osadziwa poyambira. Timapita naye kwa amfumu, zikakanika kupolisi ku nthambi yothandiza ozunzidwa, zikakanikanso kukhoti la majisitireti. Lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010 limanena momveka kuti kholo lili ndi udindo wosamalira mwana wake, kaya pali ukwati kaya palibe. Kupeza chigamulo si kovuta kwambiri. Chovuta ndi kuti bamboyo alipire mwezi wachiwiri ndi wachitatu. Ena amasintha ntchito, ena amasintha nambala ya foni, ena amatsikira ku Joni.

Ndinene pano, kuti wina asandimve molakwa: milandu yambiri imene timayenda nayo ndi ya abambo akuda othawa ana akuda. Kuthawa mwana kulibe mtundu. Ndipo m'menemo ndi mmene ndidaonera kuti nkhani yanga si ya makaladi okha. Mtsikana wa ku Machinjiri amene bambo ake ali ndi banja lina ku Area 47 ndipo amamulandirira pa geti, akudziwa bwino lomwe pakhomo la katundu pamene ine ndinkaima. Tikakhala pa benchi ya kukhoti ine ndi amayi amenewa, palibe chondisiyanitsa nawo.

Komabe zaka zapitazi kwabwera ana ena amene amandikumbutsa ubwana wanga. Kumene kwadutsa ntchito ya msewu, ya mgodi kapena ya zomangamanga, kumatsala ana a khungu loyererako. Dzulo tidali "kamwenye", lero ndi "katchaina". Anthu amanyoza mayi kuti adafuna ndalama, ena amamutchula dzina loipa lija sindingalilembe muno. Mwana akamadutsa amamuimbira nyimbo. Za mwamuna amene adali ndi ndalama, ndi galimoto, ndi mphamvu yolemba kapena kuchotsa mtsikanayo ntchito, palibe amafunsa. Tidaperekezapo mayi wina ku kampani ina kukafunsa za bambo wa mwana wake. Pa geti adatiuza kuti kontilakiti yake idatha, adabwerera kwawo, ndipo dzina limene mayiyo ankalidziwa lidali longomupatsa anzake a pantchito, m'mabuku mulibe. Mwanayo tsopano ali ku pulayimale. Tsiku lina adandigwira tsitsi n'kundifunsa ngati nanenso ankandiseka. Ndidamuuza kuti eya, ndipo ndidamufunsa ngati amalume ake alipo. Alipo, ndipo ndi amene amamulipirira yunifolomu.

Tsono ndibwere pa nkhani ya mbadwa. Lamulo la kagulidwe ka katundu wa boma la 2017 lidati pa makontilakiti a boma a m'dziko muno magawo 60 pa 100 azipita kwa Amalawi akuda amene ndi mbadwa. Cholinga chake ine ndikugwirizana nacho. Ndani angakane kuti malonda aakulu a dziko lino akhala m'manja mwa anthu ochepa kuyambira nthawi ya atsamunda? Ine ndidaona sitolo ya mmwenye kuchokera kuseri, ndikudziwa amene ankanyamula matumba ndi amene ankawerenga ndalama. Funso langa ndi lakuti, kodi ukuda umenewu auyeza ndani, ndipo ndi muyeso wanji? Ndili ndi kabizinesi kosoka mayunifolomu. Nditapita ku ofesi ina kukapereka mapepala, mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga adandiyang'ana kumaso, nayang'ana chiphaso changa cha unzika, nandifunsa kuti kwenikweni kwanu ndi kuti. Ndidamutchulira mudzi, nyakwawa, gulupu ndi mfumu yaikulu. Adati akafunse kaye kwa abwana. Mwana wanga wamkazi, amene bambo ake ndi Mlomwe wa ku Phalombe, ndi wakuda bii, ndipo akapita ndi mapepala omwewo palibe amamufunsa kanthu. Ndiye kuti mbadwa idabadwa kwa mlendo? Ngati tikhala tikuyeza ndi maso, ndiye kuti tikugamulabe ngati Haythorne Reed, kutsata bambo n'kutaya mayi. Aphungu athu alongosole lamulolo kuti aliyense amene kholo lake limodzi ndi mbadwa, nayenso ndi mbadwa, nkhani ithe.

Kwa makaladi anzanga ndili ndi mawu owawa pang'ono. Ndamvapo ena akuti nafenso tiyambitse bungwe la chikhalidwe chathu, monga Alomwe ali ndi Mulhako, Angoni ali ndi Umhlangano ndi Umthetho, Achewa ali ndi Kulamba. Tikavine chiyani kumeneko? Wa mayi Mlomwe apite kwa Chonde, wa mayi Mchewa akwere basi ya ku Mkaika. Tili ndi kwathu kale. Chimene chimatipweteka n'chakuti ena mwa ife timafuna kulandiridwa ngati eni mudzi pamene kumudziko sitipondako, maliro timangotumiza ndalama pa foni, ndipo ana athu sadziwa kupereka moni kwa agogo awo m'chiyankhulo chawo. Pa zionetsero za mu July 2011 ndi za mu 2019 ndinkayang'anayang'ana nkhope zonga yanga mumsewu, ndipo zidali zowerengeka. Mtengo wa chimanga, kusowa kwa mankhwala m'zipatala, kubedwa kwa mavoti, zonsezi ndi zathu nafenso. Munthu amene sadaonekepo pa mavuto a mudzi asadabwe akamafunsidwa kuti kwanu ndi kuti.

Kwa abale athu achimwenye, pakuti ndinu abale athu mufune musafune: ambiri mwa inu mudabadwira konkuno, makolo anu adafika muno Nyasaland isadakhale Malawi, ndipo mumadandaula mukamatchedwa alendo. Dandaulo lanu ndi lomveka. Koma yambani mwavomera ana ndi adzukulu amene mabanja anu adasiya ku Luchenza, ku Balaka, ku Ntcheu, ku Mangochi ndi m'timisika tina tonse. Mumawadziwa. Bambo anga atamwalira ndidamva maliro ataikidwa kale, kwa telala wakale uja. Sindidapemphe kanthu, ndipo nthawi imeneyo sindikadadziwa n'komwe poyambira. Lero zidasintha. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limawerengera mwana aliyense wa malemu, posatengera kuti adabadwira m'banja kapena kunja. Mabanja ena akudziwa zimenezi ndipo amathamangira kugawana chuma mwakachetechete. Kuli bwino kumuitana mwanayo bambo akadali moyo, alowere pakhomo la kumaso.

Ku boma ndikupempha zinthu zotheka. Kampani iliyonse yobweretsa antchito a kunja izisunga maina awo enieni, manambala a mapasipoti ndi kumene amachokera, ndipo khoti likafuna izipereka. Mlendo amene khoti lamulamula kusamalira mwana asamaloledwe kutuluka m'dziko asadakonze za mwanayo. Aphunzitsi nawo aleke kuseketsa kalasi ndi khungu la mwana, kaya ndi mkaladi kaya ndi wachialubino.

Ndipo kwa mayi amene akuwerenga kalatayi ali ndi mwana wotere kumbuyo, kapena ali woyembekezera: musafufute mauthenga a pafoni, sungani zithunzi, sungani mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza kuti ankakutumizirani ndalama, ndipo yesetsani kudziwa dzina lake lenileni lolembedwa pa chiphaso, osati limene amamuitanira kuntchito. Mwanayo mulembetseni kalata ya kubadwa ngakhale bambo akane. Kukadandaula za chisamaliro cha mwana kwa majisitireti sikulira loya, ndipo zikavuta a Legal Aid Bureau alipo. Pitani mwamunayo akadali m'dziko muno, chifukwa akangokwera ndege chigamulo cha khoti la kuno chimavuta kuchitsatira.

Ine wanu,
Mayi wosoka mayunifolomu,
Bangwe, Blantyre.